Mgolo Ukuzungulira Koma Zovala Sizikuuma: Kuphunzitsa Ana Kufufuza Chovuta m'Makina Amagetsi

Mawu Oyamba

Pafupifupi m'kalasi iliyonse ya sayansi mumapezeka mwana amene amatha kunena lamulo la Ohm pamtima mosaphonya ngakhale liwu limodzi, koma akapatsidwa tochi yosayaka amangoigwedeza, kuimenya pachikhatho, nanena kuti yafa. Mwana wotere anaphunzitsidwa mayina a zinthu ndi malamulo ake, koma sanaphunzitsidwe kufunsa mafunso mwandondomeko pamene chinthu chaleka kugwira ntchito. M'nkhani ino tikufuna kukambirana nanu, inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, za mmene luso limeneli lingaphunzitsidwire kwa ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 1 ndi 2. Chitsanzo chimene tasankha ndi makina amagetsi oumitsira zovala amene mgolo wake ukuzungulira bwinobwino koma aleka kutentha.

Wina angafunse kuti, “Nanga n'kusankhiranji makina amene ana athu ambiri sanawaonepo, pamene dzuwa ndi chingwe zimatiumitsira zovala kwaulere?” Funsoli ndi loyenera. Kwawo kwenikweni kwa makinawa ndi ku America ndi ku Ulaya, kumene chisanu chimatenga miyezi yambiri. Kuno amapezeka makamaka m'malo ochapira zovala zochuluka monga m'mahotela, ndipo abale athu ogwira ntchito za m'nyumba ku South Africa ndi ku Britain amakumana nawo. Komabe chifukwa chathu chachikulu ndi ichi: makinawa amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuzunguza zovala ndi kuzitenthetsa, ndipo ntchito imodzi ikhoza kufa inzake ili moyo. Chinthu chofa theka chimaphunzitsa zambiri koposa chofa chonse, pakuti mbali yamoyoyo imatiuza kumene kulibe chovuta. Kuwonjezera apo, zipangizo zotenthetsera za m'makinawa ndi za mtundu womwewo ndi zimene zili mu nsimbi yamagetsi, mu ketulo ndi mu mbaula yamagetsi. Motero mwana amene wamvetsa phunziroli sadzasowa poligwiritsira ntchito.

Zinthu Zitatu Zimene Zimaumitsa Chovala

Chovala chimauma madzi ake akasanduka nthunzi, nthunziyo n'kuchotsedwa. Pachingwe, dzuwa limapereka kutentha, mphepo imachotsa nthunzi, ndipo woyanika amatambasula chovalacho kuti mphepo ifike ponseponse. Makina amatsanzira zomwezi. M'malo mwa dzuwa muli elementi, m'malo mwa mphepo muli fani, ndipo m'malo mwa manja a woyanika muli mgolo wozungulira umene umatembenuza zovala. Kawirikawiri mota imodzi yomweyo ndiyo imayendetsa fani ndi kuzunguza mgolo kudzera pa lamba. Mpweya umalowa m'makina, umadutsa pa elementi nutentha, umalowa mu mgolo nutenga nthunzi, kenaka umadutsa pa sefa yogwira ubweya wothothoka ku nsalu, nutuluka panja pa paipi.

Ena mwa makina oyamba otere ogulitsidwa m'masitolo anatuluka mu 1938 ku America. Anawakonza ndi J. Ross Moore wa ku North Dakota, ndipo kampani ya Hamilton ya ku Wisconsin inawagulitsa pa dzina loti June Day. Masiku ano alipo ena otenthetsa ndi gasi, ndi ena amene amatenthetsa mpweya ndi zipangizo zonga za mu firiji. Phunziro lathu likukhudza okhawo a elementi.

Elementi ndi waya wopotedwa wopangidwa ndi chitsulo chotchedwa nichrome, chimene magawo ake 80 pa 100 ndi nickel ndipo magawo 20 ndi chromium. Albert Marsh wa ku America analembetsa chitsulochi ku boma ngati luso lake mu 1906. Ubwino wake ndi wakuti chimakaniza magetsi kwambiri koposa kopa, ndipo chimatha kufiira ndi kutentha kambirimbiri osanyeka. Magetsi akamadutsa movutikira mu waya wotere, mphamvu yake imasanduka kutentha, monga anafotokozera James Prescott Joule mu 1841. Lamulo la Georg Ohm la mu 1827 limatithandiza kuwerengera kukaniza kwa wayayo.

Tiyeni tione masamu ake, pakuti ana ayenera kuwachita okha pa bolodi. Tinene kuti elementi ndi ya ma watt 2,300 ndipo magetsi ndi a ma volt 230, monga amene timalandira m'nyumba za m'Malawi. Tikagawa 2,300 ndi 230 tipeza ma ampere 10. Tikagawanso 230 ndi 10 tipeza ma ohm 23. Nambala imeneyi tiisunge, pakuti tidzaifuna pofufuza. Komanso kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumafuna ma kilojoule pafupifupi 2,260. Ngati zovala zochapidwa zatsala ndi madzi a makilogalamu 3, pafunika ma kilojoule 6,780, ndipo elementi yathu ingathe kupereka mphamvu imeneyi m'mphindi pafupifupi 49, ngati palibe kutentha kotayika. Apa mwana amaona yekha chifukwa chake makinawa amadya magetsi ambiri, ndiponso kukula kwa ntchito imene dzuwa limatichitira pachingwe.

Njira Ziwiri za Magetsi

Magetsi akalowa m'makina amafika pamphambano. Njira yoyamba imapita ku mota, yachiwiri imapita ku elementi, ndipo ziwirizi zimakakumananso potuluka. Chifukwa chakuti njirazi ndi zopatukana, imodzi ikhoza kuduka inzake ikuyenda. Pamenepa ndi pamene pagona tanthauzo la mgolo wozungulira popanda kutentha: njira ya mota ili bwino, ndipo chovuta chili penapake panjira ya elementi.

Panjira ya elementi pali zipata zingapo zondondozana, ndipo magetsi ayenera kudutsa pa zonse. Chipata chimodzi chokha chikaduka, elementi imazizira ngakhale zina zonse zili bwino. M'makina ambiri zipatazo ndi izi:

1. Swichi ya nthawi, kapena bolodi la kompyuta m'makina atsopano, imene imalamula kuti kutentha kuyambe ndi kuti kuleke.

2. Themositati yoyang'anira kutentha. Iyi imadula magetsi mpweya ukatentha mokwanira, niwalumikizanso ukazizira pang'ono. Imachita zimenezi kambirimbiri pa ulendo umodzi woumitsa.

3. Themositati yachitetezo, imene imakhala pafupi ndi elementi. Iyi imangodikira, ndipo imadula magetsi pokhapokha kutentha kukapyola muyeso. Ina imadzilumikizanso yokha ikazizira, ina ili ndi kabatani koti munthu adine.

4. Fyuzi ya kutentha. Iyi imaduka kamodzi kokha, ndipo ikaduka sibwereranso. Dziwani kuti opanga ena amaiika panjira ya mota, kotero kuti ikaduka makina onse amaima.

5. Swichi ya mkati mwa mota, imene imalumikiza magetsi a elementi pokhapokha mota ikathamanga. Nzeru yake ndi yakuti elementi isayake pamene fani siikukoka mpweya.

6. Elementi yeniyeniyo, pamodzi ndi mawaya ndi malo onse olumikizira.

Mathemositati ambiri otere ali ndi kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomamatizidwa pamodzi. Kakatentha, chitsulo chimodzi chimatalika koposa chinzake, motero kachitsuloko kamapindika n'kudula njira ya magetsi. Nsimbi yamagetsi imene imamveka “thi” pamene tikusita ili ndi chipangizo cha mtundu womwewu.

Ndondomeko ya Kufufuza

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wosadekha amagula elementi yatsopano, naiika, napeza kuti makina sakutenthabe. Kenaka amagula themositati, kenaka china, mpaka ndalama za mwini makina zitatha. Mmisiri wodekha amayamba ndi zosavuta ndi zosalira ndalama, ndipo pa gawo lililonse amachotsapo zinthu zina pa mndandanda wa zimene akuzikayikira. Magawo ake ndi 5.

Gawo loyamba ndi kufunsa ndi kuyang'ana, tisanagwire chitsulo chilichonse. Kodi kutentha kulibiretu, kapena kwangochepa? Kodi m'masabata apitawa zovala zinayamba kuchedwa kuuma? Kodi kunamveka fungo la chinthu chopserera? Kodi sefa inatsukidwa liti? Tionenso pamene paloza batani losankhira ntchito, pakuti makina ambiri ali ndi malo opemerera mpweya wozizira wokha, ndipo pafupifupi onse amazimitsa elementi m'mphindi zomalizira kuti zovala zizizire. Munthu amene wapisa dzanja mu mgolo nthawi imeneyi akhoza kuneneza makina amene sanalakwe.

Gawo lachiwiri ndi kufunsa ngati magetsi akufika okwanira. Pano pali kusiyana kwa maiko kumene mphunzitsi ayenera kukudziwa. Ku United States ndi ku Canada nyumba imalandira mawaya awiri amoyo, aliyense wa ma volt 120, ndipo pakati pa awiriwo pali ma volt 240. Mota ya makina oumitsira zovala imatenga ma volt 120 pa waya mmodzi, pamene elementi, imene kumeneko imakhala ya ma watt pafupifupi 5,000, imafuna mawaya onse awiri. Fyuzi ya m'nyumba ya waya winayo ikaduka, mgolo umazungulira koma elementi siyaka, makina ali abwinobwino. N'chifukwa chake malangizo olembedwa ku America amayamba ndi kutuma munthu ku bokosi la magetsi la m'nyumba. M'Malawi ndi ku Britain makina a m'nyumba amatenga magetsi pa waya wamoyo mmodzi wa ma volt 230, kudzera pa pulagi ya mano 3 yokhala ndi fyuzi ya ma ampere 13. Fyuzi imeneyi ikaduka, zonse zimaima pamodzi. Motero kwa ife mgolo wozungulira ndi umboni wakuti fyuzi ya mu pulagi ili bwino. Chitsanzo chimenechi chimaphunzitsa ana kuti akawerenga malangizo pa intaneti azifunsa kuti analembedwera dziko liti.

Magetsi akhozanso kufika ofooka. Ngati atsika kufika pa ma volt 200, elementi yathu ya ma ohm 23 ipereka ma watt pafupifupi 1,740 okha. Magetsi atsika ndi magawo 13 pa 100, koma kutentha kwatsika ndi magawo pafupifupi 24 pa 100. Zikatere makina amatentha mofooka, ndipo palibe chipangizo chimene chawonongeka.

Gawo lachitatu ndi kuzula pulagi pa soketi. Kuzimitsa pa swichi sikukwanira. Pulagi izulidwe, niikidwe pamalo pamene wokonzayo akuiona ndi maso ake. Makina ena ali ndi kachipangizo kotchedwa capacitor kamene kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ntchito yotsegula makina enieni iyenera kusiyidwira mmisiri wophunzira zamagetsi.

Gawo lachinayi ndi kuyeza chipangizo chilichonse ndi mita yoyezera ma ohm. Lamulo lake ndi lakuti tinene kaye chimene tikuyembekezera kuona, kenaka tiyeze. Elementi yathu iyenera kusonyeza ma ohm pafupifupi 23. Mita ikasonyeza kuti njira palibe, waya wake waduka. Pakati pa elementi ndi chitsulo cha thupi la makina pasapezeke njira konse. Ikapezeka, ndiye kuti wayayo wakhuthuka nakhudza chitsulo, ndipo makinawo ndi oopsa. Mathemositati onse awiri ndi fyuzi ya kutentha, zikakhala zozizira, ziyenera kusonyeza pafupifupi ziro, kutanthauza kuti njira ndi yotseguka kwa magetsi. Koma swichi ya mkati mwa mota imakhala yodula njira nthawi zonse pamene mota yaima, ndipo wosadziwa zimenezi adzaiyesa yowonongeka. Poyeza, waya mmodzi wa chipangizocho achotsedwe kaye, kuopa kuti mita ingawerenge njira ina yozungulira kumbuyo. Maso okha sitingawadalire: fyuzi yakufa ndi yamoyo zimaoneka chimodzimodzi kunja, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Gawo lachisanu ndi kufunsa kuti, “Chipangizochi chaferanji?” Gawo limeneli ndilo amalidumpha anthu ambiri, ndipo ndilo mtima wa phunziro lathu.

Fyuzi ndi Mboni

Tinene kuti mita yasonyeza kuti fyuzi ya kutentha yaduka. Mwana wachangu adzafuula kuti chovuta chapezeka. Koma fyuzi inaikidwamo kuti iduke pamene kutentha kwapyola muyeso. Ikaduka yagwira ntchito yake, ndipo ikutiuza kuti mkati mwa makina munatentha moopsa. Fyuzi ndi mboni ya mlandu. Wolakwa akali mfulu.

Wolakwayo kawirikawiri ndi mpweya wosayenda. Ubweya wa nsalu ukadzaza pa sefa, kapena ukaunjikana m'paipi yotulutsira mpweya, kapena paipiyo ikapindika kuseri kwa makina, fani imalephera kukoka mpweya wokwanira. Elementi imapitirira kutulutsa ma watt ake 2,300 koma palibe wowanyamula. Chizindikiro choyamba chimakhala kuchedwa kuuma kwa zovala, ndipo n'chifukwa chake tinafunsa funso lija m'gawo loyamba. Kenaka themositati yachitetezo imayamba kudula magetsi mobwerezabwereza, ndipo pomaliza fyuzi imaduka, mwinanso elementi imene. Nthawi zina wolakwa amakhala themositati yoyang'anira kutentha imene yamamatirana niileka kudula magetsi. Woika fyuzi yatsopano osatsuka njira ya mpweya ndi osayeza themositati adzabwereranso ku sitolo posachedwa.

Choipitsitsa ndi kulumphitsa fyuzi ndi kawaya. Chizolowezi chimenechi ana athu amachidziwa, pakuti ambiri anaonapo munthu wamkulu akukulunga fyuzi ya pulagi ndi waya wa kopa kapena ndi pepala lonyezimira kuti ketulo iyambenso kugwira ntchito. Wochita zimenezi wachotsa mlonda pachipata, mbala ikali m'mudzi. M'makina oumitsira zovala ngozi yake ndi yaikulu chifukwa ubweya wouma wa nsalu sumachedwa kugwira moto. Mu Novembala 2015 kampani ya Whirlpool inalengeza kuti makina oposa 5 miliyoni a mayina a Hotpoint, Indesit ndi Creda, ogulitsidwa ku Britain kuyambira 2004, anali ndi chilema chimene chinkalola ubweya kukhudza elementi. Mu Ogasiti 2016 moto unabuka m'nyumba yosanja ya Shepherd's Court ku Shepherd's Bush mumzinda wa London, ndipo ozimitsa moto a mumzindawo anapeza kuti unayambira m'makina otere. Mu Julayi 2019 kampaniyo inaitanitsa makina onse amene anali asanakonzedwe. Ngati ubweya ungayatse makina amene alonda ake onse alipo, nanga kuli bwanji amene alonda ake achotsedwa?

Mmene Tingaphunzitsire Zimenezi m'Kalasi

Sitifunika kukhala ndi makina enieni, ndipo sitiyenera kubweretsa magetsi a pa soketi m'phunziro ili. Zonse zichitike ndi mabatire a tochi. Zipangizo zofunika pa gulu lililonse ndi izi: thabwa laling'ono, misomali 9, mawaya okutidwa, mabatire 3 a ma volt 1.5, mababu 2 a tochi, ndi kamota kochokera m'chidole kapena mu wailesi yakale ya makaseti. Mphunzitsi akhalenso ndi kandulo, waya wosalala wotsukira mapoto, mbale yachitsulo ya mchenga, nsalu 2 zofanana, thumba la pulasitiki, ndi pepala lokhala ndi chonyezimira mbali imodzi, longa lokulungira chingamu. Phunziroli ligawidwe pawiri.

Tsiku loyamba likhale la kuona ndi kumvetsa. M'mawa tinyowetse nsalu ziwiri zija mofanana. Imodzi tiiyanike pamphepo, inayo tiitsekere m'thumba la pulasitiki n'kuiika padzuwa. Nthawi ya phunziro ikakwana ana adzapeza kuti ya m'thumba ndi yotentha koma yonyowabe, ndipo madontho a madzi ali mbee m'kati mwa thumbalo. Tisawauze tanthauzo lake; tiwafunse, kufikira mmodzi atanena kuti kutentha kokha sikuumitsa ngati nthunzi ilibe potulukira. Kenaka tidule kachidutswa kakatali ka pepala lonyezimira lija, tikagwire pamwamba pa kandulo mosafikitsa pa lawi. Kadzapindikira ku mbali ya pepala chifukwa mbali yachitsulo yatalika koposa. Imeneyo ndiyo themositati. Pomaliza mphunzitsi yekha atenge kaulusi kamodzi ka waya wotsukira mapoto, akaike pamwamba pa mbale ya mchenga, nakalumikize ku mabatire. Kadzafiira n'kuduka. Ana aona elementi ndi fyuzi m'chinthu chimodzi. Tikatero tijambule njira ziwiri zija pa bolodi, ana azikopere m'makope, nachite masamu a ma ohm 23.

Tsiku lachiwiri likhale la kufufuza. Mphunzitsi akonzeretu thabwa la gulu lililonse motere: misomali 9 ikhomedwe mumzere, ndipo pakati pa msomali uliwonse ndi unzake pamangidwe kawaya kokutidwa, kuti pakhale zipata 8. Kumapeto kwa mzerewo kuikidwe babu loimira elementi. Kamota kalumikizidwe panjira yakeyake ku mabatire 2 omwewo. Kawaya kamodzi mwa 8 aja akadule mkati mwa chikuto chake, mosaonekera kunja, ndipo gulu lililonse likhale ndi chipata chosiyana. Ana akalumikiza mabatire, kamota kadzazungulira koma babu silidzayaka. Chida chawo choyezera chikhale batire limodzi ndi babu limodzi ndi mawaya 2: akakhudzitsa mawayawo pa misomali iwiri, babu likayaka ndiye kuti pakati pa misomaliyo njira ili bwino.

Malamulo a ntchitoyi akhale 3. Loyamba, asanayeze achotse mabatire a pa thabwa, monga mmisiri amazulira pulagi, ndipo amasule waya wa mzerewo mbali imodzi. Gulu loiwala kumasula lidzaona babu lawo likuyaka mofooka pamalo oduka, chifukwa magetsi azungulira kudzera mu kamota. Mphunzitsi asawadzudzule msanga, koma awalole kupeza okha chimene chawanyenga. Lachiwiri, asanayeze alembe m'kope chimene akuyembekezera kuona. Lachitatu, alembe chiwerengero cha mayeso amene achita.

Magulu ambiri adzayamba pa chipata choyamba n'kumapita chimodzichimodzi. Ena adzachita mwayi pa kuyeza kwachiwiri, ena adzafika kasanu ndi kawiri. Tikalemba ziwerengerozo pa bolodi tifunse kuti, “Kodi ilipo njira imene ingapeze chipata choduka mwa kuyeza katatu kokha, kaya chili pati?” Tiwapatse nthawi akambirane, pakuti mutu umodzi susenza denga. Yankho ndi kuyeza theka: zipata 4 zoyamba pamodzi. Babu likayaka, choduka chili pa 4 zinazo. Likapanda kuyaka, chili pa zomwezi. Kenaka tigawenso pawiri kutsale 2, tigawenso kutsale 1. Njira imeneyi imagwira ntchito ngati choduka ndi chimodzi, ndipo gulu lofulumira lipatsidwe thabwa la zoduka ziwiri kuti lione pamene njirayo ifunika kusinthidwa.

Gulu likapeza chipata chake, mphunzitsi alipatse kapepala kolembedwa dzina la chipatacho, monga “fyuzi ya kutentha” kapena “themositati yachitetezo”. Gululo lisapatsidwe kawaya katsopano kufikira litalemba zifukwa 2 zimene zingachititse chipangizocho kuduka, ndi chimene lingachite kuti chisadukenso. Mudzapeza kuti m'kalasi iliyonse muli mwana amene adzatenge kawaya kena n'kulumphitsa malo odukawo. Mwana ameneyu ndi wochenjera ndipo wamvetsa kayendedwe ka magetsi, tisamchititse manyazi. Timuitane afotokozere anzake chimene wachita, kenaka kalasi yonse ikambirane chimene chingachitike m'makina enieni odzaza ubweya. Mphindi zimenezi ndizo zaphindu koposa m'phunziro lonse. Tionetsetsenso kuti atsikana akugwira chida choyezera mofanana ndi anyamata, osangopatsidwa ntchito yolemba.

Mafunso Oyesera Ana

1. Nsimbi yamagetsi ndi ya ma watt 1,000 pa ma volt 230. Kodi mita iyenera kusonyeza ma ohm angati pa elementi yake? Yankho ndi pafupifupi 53.

2. Makina oumitsira zovala sakuzungulira ndipo sakutentha. Tchulani malo 2 oyamba kuwakayikira, ndipo fotokozani chifukwa chake elementi siili pa malo amenewo.

3. Njira ili ndi zipata 16 ndipo chimodzi chaduka. Kodi tiyeza kangati pogawa pawiripawiri? Yankho ndi 4.

4. Mnansi wanu waika fyuzi ya kutentha yatsopano kawiri m'mwezi umodzi ndipo yadukanso. Lembani mafunso 3 amene mungamfunse.

Pochonga mayankho, malikisi ambiri apite ku ndondomeko ya maganizo. Mwana amene watchula chipangizo cholondola mongolota alandire ochepa koposa amene wafotokoza bwino mmene angachipezere.

Mawu Otsiriza

Tisanatseke phunziro tiwauze ana momveka kuti zimene aphunzira siziwapatsa chilolezo chotsegula makina a pa soketi kunyumba. Chimene angachite okha ndi kutsuka sefa pambuyo pa kuumitsa kulikonse ngati akhala m'nyumba ya makina otere, kuona ngati paipi yapindika, kuzula pulagi akamva fungo la kupserera, ndi kukana mwaulemu pamene wamkulu awatuma kukulunga fyuzi ndi waya. Zina zonse ndi za mmisiri, koma mwana wophunzira bwino adzatha kumfotokozera mmisiriyo zimene waona ndi kumfunsa chifukwa chimene chipangizo chafera.

Kwa inu anzathu amene mukupita kukayeserera uphunzitsi, pempho lathu ndi lakuti mukonze thabwa limodzi ndi manja anu ndi kuliyesa nokha musanalowe nalo m'kalasi. Mabatire ofooka ndi misomali yadzimbiri zikhoza kuwonjezera zovuta zimene simunaziikemo, choncho palani misomaliyo ndi kutenga mabatire atsopano. Lembani ziwerengero za mayeso a magulu anu asanaphunzire kugawa pawiri ndi ataphunzira, ndipo mudzabwere nazo ku koleji kuti tidzazikambirane pamodzi.